Mutu 7: Waya Amene Thokozile Sanabweze

1. Pompi yafanso

Lachitatu m'mawa pompi ya ku Nangongwe inafanso.

Magetsi anathima kusanache, anayaka pang'ono, anathimanso, kenaka anabwereratu. M'nyumba mawailesi anayamba kulira. Koma pompi ya khadi ya kuseri kwa msika inangoti zii. Amayi ankagunditsa makhadi awo pabokosi lake, kanyali kofiira n'kumangowayang'ana. Madzi ngakhale dontho.

Thokozile anafika akuthamanga, laputopu ili kumsana. Sukulu anasiyira Giredi 11 atakhala ndi pakati pa mwana wake Yankho. Tsopano ankaphunzira ntchito pashopu ya ba Felistus ku Industrial Area, kumene amapanga mabokosi oyendetsa mapompi a khadi. Pulogalamu ya m'bokosi limeneli analemba ndi iyeyo.

"Uyo wabwera injiniya wathu!" anafuula mayi wina pamzere. "Iwe Thoko, manzi yathu wayaika mu laputopu?"

Anthu anaseka. Pamzerepo panalinso amayi ake a Thokozile, Yankho ali kumbuyo, chigubu chili m'manja. Iwo sanaseke.

Thokozile anatsegula bokosi, anathimitsa kakompyuta ka m'katimo, n'kukayatsanso. Patapita kanthawi kanyali kanasanduka kobiriwira. Madzi anayamba kutuluka.

Ba Violet, apampando a komiti ya pompi, anali ataima pambali atagwira m'chiuno.

"So ndiye nchito yako iyi? Kuzima na kuyasha?" anatero. "Mvela, mwana wanga. Komiti inakumana mailo. Ise sitingazikupitira ku Industrial nthawi zonse malaiti yakachita misala. Pa Loweruka ni siku ya kuwasha, Nangongwe yonse ibwera pano. Ikafa futi pa Loweruka, bokosi yanu tichosa. Tizabweza loko na kiyi monga kudala. Ukawauze ba Felistus."

Thokozile anangogwedeza mutu. Yankho anatambasula manja kuti amunyamule, koma agogo ake anakankhira Thokozile kumsewu ndi chigongono.

"Yenda ku nchito. Mwana nili naye. Iwe konza chinthu chako."

2. Makwerero

Ba Felistus anali mayi wamtali, wa imvi zoyamba kumene. Makolo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Ba Felistus anagwira zaka zambiri pafakitale monga wokonza mamita ndi mavalavu, ndipo atapuma anaphunzira kulemba mapulogalamu n'kutsegula shopu yawo. Ophunzira anali awiri: Gideon, amene anayamba kale, ndi Thokozile, wobwera pambuyo.

Atamva uthenga wa ba Violet, ba Felistus sanakwiye. Anangovula magalasi.

"Ndikuuze zoona, Thokozile. Bokosi la ku Nangongwe likachotsedwa, pano sipakhala ntchito ya ophunzira awiri. Ndipo wabwera pambuyo ndiwe. Khala pansi, tione."

M'bokosi la pompi muli zinthu zitatu. Muli kakompyuta kamene kali ndi batire yake, kotero sikathima magetsi akapita. Muli valavu, imene imatsegula ndi kutseka madzi ochokera m'thanki ya pamwamba. Ndiye muli mita yowerenga madzi, imene imadalira magetsi a pakhoma. Magetsi akapita mita imasowa, akabwera imaonekanso.

Kompyuta siidziwa kulankhula ndi mita payokha. Pamafunika kapulogalamu kapakati kotchedwa dalaiva. Mita ikangooneka, dalaiva amadzuka n'kuyamba kubwereka zinthu kwa kenelo, amene ndiye mwini nyumba m'kompyutamo. Amabwereka malo mu memori. Amabwereka waya wolamulira valavu. Pomaliza amabwereka njira yomvetsera mita. Lamulo lake ndi limodzi: chobwereka chizibwezedwa, ntchito itheke kapena isatheke.

Pofuna kusunga lamulo limeneli, Thokozile analemba mizere yambiri kumunsi kwa pulogalamu yake, yosanjikizana ngati makwerero. Zikakanika poyamba, dumphira apa. Zikakanika pachiwiri, dumphira apo, bweza ichi. Akawonjezera kanthu kumtunda, ankawonjezeranso sitepe kumunsi. Makwererowo ankawanyadira kwambiri.

"Werenga chimene kompyuta inalemba m'mawa," anatero ba Felistus.

Thokozile anawerenga pa sikirini. "Ikamba ati waya wa valavu ali bize. Ati ali na wina."

"Wina uti? Muli dalaiva winanso m'bokosimo?"

"Awe, ni wanga chabe."

"Ndiye wagwira wayayo ndani?"

Thokozile anatsata mizere ndi chala, kuchoka kumtunda kupita kumunsi. Chala chinaima. Magetsi atayaka pang'ono kuja, dalaiva anadzuka, anatenga memori, anatenga waya. Asanatenge njira yomvetsera, magetsi anathima, mita inasowa. Dalaiva anadumphira pa makwerero, koma anagwera sitepe yolakwika. Memori anabweza. Waya sanamubweze. Magetsi atabwereratu, anadzukanso n'kukapempha waya yemweyo, kenelo n'kumuyankha kuti waya anatuluka kale ndipo sanabwere.

"Ni dalaiva wanga wamene," anatero Thokozile motsitsa mawu. "Anazimana yeka."

3. Nzeru ya Gideon

Masana ba Felistus anapita kukagula zitsulo. Gideon anakokera mpando wake pafupi. Anali mnyamata wansangala, woimba kiyibodi kutchalitchi, ndipo aliyense ankamutchula kuti m'bale kapena sisita.

"Shani, sisita, uli bwanji? Nkhope yagwa monga wataya foni."

"Nisiye, Gideon."

"Mvela chabe. Ukazima na kuyasha, pompi isebenza, si so? Manje uvutikira chani? Uza kompyuta izizizima yeka na kuyaka yeka pa hafu awa iliyonse. Mizere iwiri chabe. Olo pompi ikafa, izauka yeka monga Lazaro. Ba Violet sazaziba na kuziba."

Thokozile anamuyang'ana. "Isebenza zoona?"

Gideon anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Pompi ya ku Estates ili na dalaiva wako wamene uyu. Unamvelapo ati yavuta? Ninaikamo mizere iyi pa Mande. Kulibe foni, kulibe chongo, kulibe wodandaula. Koma usakambe kuli ba madamu, waziba mwamene alili. Vonse afuna njira yaitali."

Thokozile anaganiza za Loweruka, ndi za mzere wa zigubu uja.

4. Mawu a ba Felistus

Ba Felistus atabwera, Thokozile anawafunsa, akunamizira kuti maganizowo anali ake.

"Ba madamu, nanga kompyuta ikamazizima yeka na kuyaka pa hafu awa? Pa Loweruka chabe, kuti tipite."

Gideon anaweramira pa waya amene ankasenda. Ba Felistus anaika thumba la zitsulo pansi, n'kukhala.

"Mwana wanga, tamvera. Valavu yathu si ya sipuling'i. Pamene waisiya ndi pamene ikhala. Tiyerekeze mayi wagunditsa khadi, valavu yatseguka, madzi akulowa m'chigubu. Nthawi yomweyo hafu awa yako yakwana, kompyuta yathima. Pamene ikuyaka, magetsi apita. Mita palibe, ndiye dalaiva sadzuka. Valavu ija atseke ndani? Madzi a m'thanki safuna magetsi kuti atsike. Adzatsika mpaka thanki kuuma, ndipo anthu adzayenda m'matope kupita kunyumba ndi zigubu zopanda kanthu. Pompi yakufa ndi yabwinoko, chifukwa madzi amakhalabe m'thanki. Zimene wanenazo si kukonza. Ndi kuphimba chilonda ndi chitenje kuti alendo asaone. Usadzachite, ndipo ukadzaona wina akuchita, udzanene."

Thokozile anayang'ana Gideon. Gideon anapukusa mutu pang'ono chabe. Thokozile anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Ba Felistus anapitiriza.

"Vuto lako si sitepe imodzi yolakwikayo. Vuto ndi makwerero onse. Ukufuna kukumbukira wekha chilichonse chimene watenga, pa khomo lililonse limene ungatulukire. Mutu wa munthu sungathe. Kufakitale tinali ndi sitolo ya zipangizo. Aliyense anali ndi matagi a mkuwa a nambala yake. Ukatenga sipanala, upachika tagi yako pamsomali pamene inali sipanalayo, pomwepo, usanachoke pawindo. Sankakufunsa kuti ubweza liti. Ukadwala pakati pa shifiti, ukaitanidwa kumaliro, wa m'sitolo ankangoyang'ana pamene pali matagi ako n'kukatolera zonse. Ankayamba ndi chimene unatenga pomaliza, chifukwa suchotsa makwerero munthu akadali padenga.

"Kenelo nayenso ali ndi wa m'sitolo wake. Pali malamulo obwerekera oyamba ndi zilembo devm. Ukabwereka ndi amenewo, chinthucho chimapachikidwa pa dzina la mita. Dalaiva akalephera pakati, kapena mita ikasowa, kenelo amabweza yekha zonse, kuyambira chomaliza. Iwe kwako ndi kungonena kuti zakanika, basi, n'kutuluka. Futa makwererowo, uwachotse onse."

"Nifute yonse?" Thokozile anakweza mawu. "Ba madamu, nachoka nayo kutali! Ni sitepe imozi chabe yalakwika. Nizaikonza."

"Pulogalamu ndi yako, Loweruka ndi lakonso," anatero ba Felistus, n'kuvala magalasi.

5. Lachinayi lotayika

Lachinayi Thokozile anafika m'mamawa. Patebulo loyesera panali bokosi lofanana ndi la ku Nangongwe, koma m'malo mwa valavu panali kababu. Kakayaka ndiye kuti madzi akutuluka.

Anakonza sitepe yolakwika ija. Anazula pulagi ya mita n'kuibwezera msanga, kutsanzira magetsi amisala. Dalaiva anadzuka bwinobwino. Thokozile anamwetulira.

Anazulanso kachiwiri, mochedwerapo pang'ono. Sikirini inadzaza ndi zilembo, kompyuta inauma gwa. Ulendo uno dalaiva anabweza waya kawiri, kamodzi pa makwerero, kenanso potseka. Kubweza chinthu kawiri n'koipa kuposa kusabweza, chifukwa kachiwiriko umabweza chimene si chako.

Anawonjezera mzere wofunsa ngati waya wabwezedwa kale. Zinayenda. Kenaka memori ndiyo inayamba kutsalira. Anakonza memori, njira yomvetsera inatsala yotsegula, ikulembera m'malo amene anabwezedwa kale. Kompyuta inaumanso.

"Ah, iwe chinthu iwe!" Thokozile anamenya tebulo, sikuludiraiva n'kugwera pansi.

"Mizere iwiri chabe, sisita," Gideon ananong'ona akudutsa.

"Choka apa!"

Chakudya chamasana sanadye. Pofika nthawi yoweruka makwerero anali atatalika kuposa pulogalamu yeniyeniyo, ndipo iye mwini sankathanso kuwatsata. Potseka shopu ba Felistus anangofunsa kuti, "Mawa ndi lachingati?"

Kunyumba anapeza amayi ake akuchapa matewera a Yankho ndi madzi a m'kabeseni kakang'ono.

"Vayenda?" anafunsa.

"Vikalibe."

"Ba Felistus akuuza chani?"

"Ati nifute vamene ninalemba, niyambe njira ina."

"Manje ulindira chani?" Amayi ake anafinya thewera mwamphamvu. "Thoko, ine nikasoka diresi, dzanja yapita kumbali, sinisokerapo chigamba pamwamba. Nimasula ulusi. Iwawa, koma kasitoma savala mavuto yanga, avala diresi. Anthu pa pompi safuna kuziba mwamene unavutikira. Afuna manzi. Sukulu inakupita, iyi nayo ufuna ikupite chifukwa cha kuuma mutu? Tenga mwana, ayamwe."

6. Kufuta

Lachisanu Thokozile anakhala pa laputopu. Anasankha makwerero onse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chala chinakhala m'mwamba kanthawi. Kenaka anadina, ndipo makwererowo anapita.

Anayambanso. Memori anaibwereka ndi lamulo la devm. Zikakanika, tuluka. Waya wa valavu chimodzimodzi. Njira yomvetsera chimodzimodzi. Pulogalamu inafupika mpaka yonse inkaoneka pa sikirini imodzi. Ankaiyang'ana mokayika, ngati munthu amene watuluka m'nyumba n'kumadzifunsa ngati wavala zonse.

Anazula pulagi, anabwezera. Anazula msanga, anazula mochedwa. Dalaiva ankadzuka nthawi zonse.

"Ba madamu, yasebenza!"

Ba Felistus anabwera. "Gunditsa khadi."

Anagunditsa. Kababu kanayaka. Ba Felistus anazula pulagi ya mita okha. Kababu kanapitiriza kuyaka.

"Waya wabwezedwa bwino," anatero. "Nanga madzi?"

Thokozile anagwira kumutu. Kenelo anabweza waya, inde, koma kenelo sadziwa kuti kumapeto kwa wayayo kuli madzi a anthu. Kale valavu inkatsekedwa ndi mzere wina wa m'makwerero aja, ndipo mzerewo unapita pamodzi ndi anzake.

"So nibwezepo makwerero?" anafunsa Thokozile mokwiya.

"Ayi. Wa m'sitolo amalandiranso uthenga. Ukhoza kumupachikira ntchito, osati chipangizo chokha. Ganiza wekha kuti uipachike pati."

Thokozile analemba kantchito kakang'ono kotseka valavu. Anayamba wakaika pamwamba penipeni, kenaka anaima. Kenelo amayamba ndi chomaliza. Kakakhala pamwamba, kadzafikiridwa waya atabwezedwa kale, ndiye kadzatseka ndi chiyani? Anakatsitsa n'kukaika pansi pa mzere wobwereka waya.

Anagunditsa khadi, kababu kanayaka. Anazula pulagi. Kababu kanathima pomwepo.

Ba Felistus anatenga pulagiyo n'kuyamba kuizula ndi kuibwezera mwankhanza, ngati akulimbana nayo, mpaka dzanja linatopa.

"Kaike ku Nangongwe dzuwa lisanalowe," anatero. "Ikapirira mawa, Lolemba tikaikanso ku Estates."

Atamva dzina la Estates, Thokozile anayang'ana kumene kunali Gideon. Gideon anali kalikiliki kusesa pansi pamene panali poyera kale. Thokozile ananyamula chikwama chake n'kutuluka.

7. Loweruka

Mzere wa pa pompi ya ku Nangongwe unafika mpaka pa matebulo a tomato. Mabeseni, zigubu, mabaketi a penti. Ba Violet anabwera ndi loko wamkulu, n'kumukoleka pa chala kuti aliyense amuone. Ba Felistus anaima patali pang'ono pansi pa ambulera.

Chakumasana wailesi ya m'bala yapafupi inadukiza nyimbo pakati.

"Yayenda malaiti!"

Madzi amene ankalowa m'chigubu cha mayi wina anaima. Valavu inatseka, osadontha. Wailesi inaliranso pang'ono, n'kuthimanso. Inalira, inathima. Thokozile anaima pafupi ndi bokosi manja ali kumbuyo. Kiyi wa bokosilo anali m'thumba, ndipo sanamukhudze.

"Segula uzime na kuyasha, injiniya," anatero ba Violet. "Tiziba ndiye sukulu yako."

"Sinizagwirako, ba cheya."

Wailesi inalira, ulendo uno osaleka. Kanyali kanali kofiira. Maso a anthu onse anali pabokosi. Kenaka kanasanduka kobiriwira kokha. Mayi uja anagunditsa khadi, madzi n'kuyamba kuthira m'chigubu.

Panalibe kuwomba m'manja. Anthu anangoyamba kukankhana pamzere monga mwa masiku onse. Ba Violet anayang'ana loko wawo, anamuponya m'chikwama, n'kunena kuti, "Tizaona Loweruka inangu." Amayi ake a Thokozile anamasula Yankho kumbuyo n'kumupereka kwa mwini wake.

"Gwira mwana wako, nitape manzi."

Thokozile anali atangomulandira mwanayo pamene foni ya ba Felistus inalira. Anamvetsera nthawi yaitali. Ambulera inatsika pang'onopang'ono.

"Musagwire bokosi. Tsekani pa thanki, ngati mudakali kanthu," anatero, n'kudula.

Anabwera pamene panali Thokozile.

"Ndi a komiti ya ku Estates. Pompi yawo yakhala ikuthira madzi yokha chithimireni magetsi. Msewu wonse ndi matope, thanki yatsala pang'ono kuuma. Akuti masiku onsewa bokosi lawo lakhala likuthima lokha ndi kuyaka lokha." Anamuyang'ana m'maso. "Lachitatu unandifunsa za hafu awa. Sindikufunsa kuti anaikamo ndani, ameneyo ndimupeza. Ndikufunsa iwe, Thokozile. Unkadziwa?"

Kumbuyo kwawo madzi ankathira bwinobwino m'chigubu cha amayi ake. Yankho ankakoka kolala ya bulauzi yake. Ba Felistus anapinda ambulera, n'kudikira.